Duwa la m'chitini pakati pa nkhungu ya ku Luwawa

Nthawi ili cha m'ma 6 koloko m'mawa, kumapeto kwa Julayi, koma damu la Luwawa silikuoneka. Nkhungu yalikuta lonse, yakwera mpaka m'mitengo ya paini ya kutsidya, moti munthu akangokupitirira pang'ono wazimirira.

Udzu wa m'dambo wayera mbuu ndi chisanu.

Ocheka matabwa akulowera kunkhalango atakokera zipewa zaubweya mpaka m'makutu, manja ali m'matumba. Pamjigo amayi akutunga madzi mosacheza, aliyense wafunda chitenje chachiwiri pamwamba pa juzi. Ngakhale agalu sakuuwa. Adzipinda paphulusa la moto wa dzulo.

Pakhonde la nyumba ina yoyang'ana kumpoto, mayi wachikulire akuvundukula masaka omwe anafunditsa zinthu zake usiku. Pansi pake pali mzere wa zitini, mapoto obooka ndi zigubu za mafuta ophikira zodulidwa pakati. M'chigubu china muli geranium, maluwa ake ofiira psuu. Mumphika wosweka khosi muli alovera wonenepa. M'chitini cha mkaka muli kachitsamba ka masamba aatali a mizere yoyera, kalendewetsa tiana take m'mbali.

Mayiyo akupisa chala m'dothi, chitini chilichonse pachokha. China akuthira theka la kapu ya madzi, china akuchidumpha. Tsamba louma akulibudula n'kuliponya pansi.

Moto wa tiyi sunayake, koma maluwa azondedwa kale.

Izi si za nyumba imodzi ayi. Kuchokera ku Luwawa, kutsikira ku Champhira ndi pa Jenda, kukhotera ku Embangweni mpaka pa boma la Mzimba, makonde ambiri ali ndi mzere wotere. Wodutsa pa basi amangoti n'zokongoletsa. Amene anagonapo m'chisanu cha kuno amadziwa kuti zitinizi zili ndi ntchito yaikulu kuposa pamenepo.

Kozizira chonchi bwanji?

Luwawa ili pamwamba pa mapiri a Viphya, mamita oposa 1,500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Imadutsa pa nyanja ya Malawi n'kunyamula chinyezi, ndipo ikagunda mapiriwa imakwera, n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi kamvula kowaza. Pali masiku omwe dzuwa limangosuzumira masana, n'kubwereranso.

Usiku kumwamba kukayera ndiye zimavuta. Kutentha konse komwe nthaka inasunga masana kumathawira kumwamba, mpweya wozizira n'kutsetserekera m'madambo. Kukacha, masamba a tomato, nthochi ndi mbatata yakachewere amapezeka atawauka usiku umodzi wokha.

Deralo lazunguliridwa ndi nkhalango yobzala ya Viphya, yomwe ambiri amangoti Chikangawa. Kubzala kunayamba m'zaka za m'ma 1950 ndipo kunakula kwambiri dziko litalandira ufulu mu 1964, mpaka nkhalangoyo inafika mahekitala pafupifupi 53,000. Cholinga chinali kudyetsa fakitale ya mapepala, yomwe sinamangidwe. Mtengo wochuluka kwambiri ndi Pinus patula, paini wochokera ku Mexico.

Paini ndi wobiriwira chaka chonse, koma alibe maluwa okopa munthu kapena njuchi. Pansi pake ndi pamdima, pamaunjikana masamba ake ouma, ndipo zomera zina zimalephera kumerapo. Pomwe mitengo inadulidwa kapena kupsa patsala zitsa ndi udzu wofiirira. Kuminda chimanga chinalowa m'nkhokwe kalekale, kwangotsala mapesi.

Kulikonse komwe ungaponye maso, mtundu ndi umodzimodzi.

Mtima nawo umazizidwa

Chisanu sichigwira thupi lokha. Anthu amalowa m'nyumba dzuwa likangopendeka, macheza a pabwalo amachepa, okalamba amadandaula nyamakazi, ana amachezera kutsokomola.

Ndiye boma la Mzimba lili ndi nkhani yakeyake: ulendo wa ku Joni. Kuyambira nthawi ya Wenela amuna a kuno akhala akupita ku South Africa kukasaka ntchito, ndipo lero anyamata ndi atsikana akupitabe. Ndalama zawo zamanga nyumba zamalata zooneka bwino m'midzi yambiri. Koma nyumba yamalata yopanda siling'i imazizira koopsa usiku, ndipo otsalamo kawirikawiri ndi amayi, ana ndi agogo.

Nyumba yaikulu, anthu ochepa, usiku wautali.

Madokotala anaona kale kuti nyengo imakhudza maganizo. Mu 1984 Norman Rosenthal, dokotala wobadwira ku Johannesburg yemwe anasamukira ku America, pamodzi ndi anzake anafotokoza za matenda okhumudwa omwe amabwera m'nyengo yozizira kuwala kwa dzuwa kukachepa. Iye mwini anayamba kumva kulemera kumeneku atafika ku New York, komwe masiku a chisanu ndi aafupi kwambiri. Kwathu kuno tsiku lalitali ndi lalifupi zimasiyana pafupifupi ola limodzi ndi theka basi, choncho vutoli silifika pomwe limafika kumaiko akumpoto. Komabe nkhungu ikabisa dzuwa masiku otsatizana, kufooka ndi kusungulumwa zimamveka ndithu.

Chaka chomwecho cha 1984, Roger Ulrich anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa pachipatala china ku Pennsylvania. Odwala omwe anachitidwa opaleshoni ya ndulu n'kugonekedwa pazenera loyang'ana mitengo anatulutsidwa msanga, ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa, poyerekeza ndi anzawo omwe zenera lawo linkayang'ana khoma la njerwa.

Chomera cha pakhomo chimaposa zenera chifukwa chimafuna dzanja la munthu. Chimakutulutsa m'bulangeti m'mawa n'kukuimika panja pomwe pali kuwala. Chimasintha tsiku ndi tsiku: dzulo panali kamphukira, lero katsegula.

Chachikulu, chimakutengera kwa anzako.

Kuno duwa siligulidwa kawirikawiri, limapemphedwa. Mayi amaima pampanda wa mnzake n'kupereka moni wa kwawo, "Monire, amama." Amafunsana za ana, za mutu wa agogo, za a ku Joni ngati aimba foni. Kenako mlendo amaloza chitini n'kupempha kanthambi. Mwini wake sathyola kamodzi, amathyola tiwiri, kuti kena kakakana kena kakagwire. "Yewo chomene," amatero wolandirayo, n'kumangirira tinthambito pa nsonga ya chitenje.

Pakatha mwezi amabwera kudzanena kuti kagwira. Chisanu chikadzawaula cha mwini wake, amakatenganso mbewu komwe anapereka kuja. Akuluakulu sananame pomwe anati kupatsa n'kuika.

Komabe tinene mosapsatira: duwa si mankhwala a matenda okhumudwa. Munthu amene watha masabata awiri kapena kuposerapo osagona bwino, osadya, osafuna kuonana ndi anthu, kapena akulankhula zodzipha, akufunika chipatala msanga. Chipatala cha boma cha Mzimba, cha mishoni cha Embangweni ndi St John of God ku Mzuzu, komwe amathandiza odwala matenda a maganizo, ndiko kothamangira. Chitini cha pakhonde chimathandiza wolemedwa ndi nyengo, osati kulowa m'malo mwa dokotala.

Kwawo n'konkuno

Maluwa ambiri omwe anthu a ku Europe ndi ku America amagula m'masitolo kuti awasangalatse m'chisanu chawo, kwawo ndi kuno ku Africa.

Makolo a geranium wa m'zigubu zathu ndi a ku South Africa. Kachitsamba kolendewetsa tiana, komwe kunja amati spider plant, nakonso ndi ka mu Africa muno. African violet, kaduwa komwe kali m'mazenera a nyumba zosawerengeka kunjako, kanatengedwa m'mapiri a Usambara ku Tanzania mu 1892 ndi mkulu wina wa boma la atsamunda a ku Germany, Walter von Saint Paul-Illaire.

Pali linanso lotikhudza kwambiri. Impatiens walleriana, duwa lokonda mthunzi lomwe limamera m'malo a chinyezi kuyambira ku Kenya mpaka ku Mozambique, linapatsidwa dzina la Horace Waller, mmodzi wa amishoni a UMCA omwe anafika ku Magomero mu 1861. Lero lili m'gulu la maluwa ogulitsidwa kwambiri padziko lonse.

Zamioculcas, chomera cha masamba onyezimira chomwe chimapirira mdima wa m'maofesi ndi m'mabanki, chimamera chokha m'nkhalango za Malawi, Tanzania, Mozambique ndi maiko oyandikana nawo. Alimi a maluwa a ku Netherlands ndiwo anayamba kuchichulukitsa n'kumachigulitsa padziko lonse m'zaka za m'ma 1990.

Iwo anaona malonda pomwe ife tinkangoona tchire.

Ena anachita kubwera. Poinsettia, chitsamba chomwe chimafiira m'mipanda ya masukulu, zipatala ndi mamishoni, n'chochokera ku Mexico. Masamba ake a kunsonga amafiira usiku ukatalika. N'chifukwa chake ku Europe amalidziwa kuti ndi duwa la Khirisimasi, pomwe kwathu limafiira mu Juni ndi Julayi, nthawi yeniyeni imene maso ali ndi njala ya mtundu wina.

Luso la pakhonde

Kusunga chomera m'chisanu cha Viphya kumafuna nzeru, ndipo nzeru zake zili m'manja mwa amayi omwewa.

Choyamba ndi malo. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho khonde kapena zenera loyang'ana kumpoto ndilo limalandira kuwala kochuluka. Khoma la njerwa likawotha dzuwa masana limatulutsa kutenthako usiku, n'chifukwa chake zitini zimakankhidwira kukhoma, pansi pa denga. Mbali ya kum'mwera ndi ya mthunzi ndi mwera. Kumeneko chomera chimangonyentchera.

Chitini chimaboolwa pansi ndi msomali, mabowo angapo. Chomera cha m'chitini sichifa ndi ludzu kawirikawiri, chimafa ndi madzi. M'chisanu chimamwa pang'ono, ndipo mizu ikakhala m'matope ozizira imaola. Chala ndicho chimaweruza: dothi likamamatira, madzi adikire. Kuthirira kwabwino ndi kwa m'mawa dzuwa likatuluka, osati madzulo. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba amakwanira, bola asakhale a sopo.

Dothi labwino silisowa m'dziko la ng'ombe. Manyowa a m'khola oola bwino, osakaniza ndi dothi lakuda ndi mchenga wa kumtsinje, amakwanira. Utuchi uli mbwee ku Luwawa chifukwa cha macheka, koma wauwisi umalanda chakudya cha m'dothi pomwe ukuola, masamba n'kuchita chikasu. Uyenera kuyamba waolera padzala. Zigwagwa zotsala pocheka matabwa ndizo zimakhomedwa n'kukhala mabokosi ndi timathandala tokwezerapo zitini, kuti nkhuku ndi mbuzi zisafikire.

Kubzala geranium n'kosavuta. Umadula kanthambi kotalika chala chimodzi ndi theka, pansi penipeni pa mfundo, n'kuchotsa masamba a m'munsi. Umakasiya pamthunzi tsiku limodzi kuti bala liume, kenako n'kukazika m'dothi la mchenga. Pakatha masabata angapo kamatulutsa tsamba latsopano, ndiye kuti mizu yagwira. Spider plant ndiye amachita kukupatsa yekha: umangodula kamwana kolendewera n'kukakhazika pa dothi lonyowa.

Madzulo kumwamba kukayera, nyenyezi zili ng'aning'ani ndipo mphepo yaleka, mwini maluwa amadziwa kuti usiku umenewo chisanu chigwa. Saka, chitenje chakale kapena udzu wofolera zimakwanira kufunditsa. Pepala la pulasitiki likakhudza masamba silitchinjiriza kanthu.

Ndipo si zonse za m'zitini zomwe ndi zongoona. Pakati pa maluwa pamapezeka tsabola, anyezi wamasamba, timbewu tonunkhira ndi udzu wa mandimu wothira mu tiyi. Pakhonde limodzi pamachokera chosangalatsa maso ndi chotenthetsa m'mimba.

Chomera sichichotsa utsi wa mbaula

Pali mphekesera ziwiri zofunika kuziwongola, chifukwa ina ikhoza kutayitsa moyo.

Ena amaopa kugona ndi chomera m'chipinda, ati chimalanda mpweya usiku. N'zoona kuti chomera chimapuma, koma mpweya womwe chimatenga ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi wa munthu mmodzi wogona m'chipindamo. Palibe choopsa.

Yoopsa ndi inayo, yoti zomera zimayeretsa mpweya wa m'nyumba. Nkhaniyi inatchuka chifukwa cha kafukufuku wa bungwe la NASA wa mu 1989, yemwe anachitikira m'mabokosi otsekedwa kotheratu. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Drexel ku America anawerengetsa kuti pangafunike zomera 10 mpaka 1,000 pa sikweya mita imodzi kuti zichite zomwe mpweya wolowa ndi kutuluka m'nyumba umachita wokha.

Ku Mzimba mfundoyi ndi ya moyo ndi imfa. Usiku wa Julayi anthu amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mazenera. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wosaoneka. Munthu amayamba ndi mutu ndi chizungulire, n'kugona osadzukanso.

Palibe duwa lingapulumutse munthu pamenepo. Mbaula ituluke anthu asanagone.

Makolo asamalenso zomera zina. Utomoni wa poinsettia umayabwa pakhungu ndi m'maso. Dieffenbachia, chomera cha masamba aakulu amawangamawanga chomwe chimakondedwa m'maofesi, chimatupitsa m'kamwa mwana akachitafuna. Oleander ndi poizoni weniweni. Ndipo mbale yoikidwa pansi pa chitini isasunge madzi, chifukwa kukayamba kufunda udzudzu umaswanamo.

Tchire likadzuka

Zitini zimagwira mudzi mpaka tchire litadzuka. Ndipo kudzuka kwake n'kodabwitsa, chifukwa kumachitika mvula isanagwe ndi dontho lomwe.

Oyamba ndi alovera a m'matanthwe, omwe mu Juni ndi Julayi amaimika mitu ya maluwa ofiira, timbalame ta milomo yaitali n'kumatsopa timadzi take. Kenako mapichesi. Kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti mtengo wa pichesi, womwe unayoyola masamba onse, umadzaza maluwa ofiirira pa nthambi zopanda tsamba. Pichesi amafuna kuzizidwa maola ambiri kuti mphukira zake zidzuke. N'chifukwa chake amakula bwino ku Dedza, ku Ntcheu, ku Neno ndi kuno ku Viphya, koma kunyanja amakana. Chisanu chomwe chinawaula tomato ndicho chimabereketsa pichesi.

M'midzi ya m'munsi mango amachita maluwa nthawi yomweyo, ndipo njuchi, zomwe zinasowa chakudya miyezi yozizira, zimayamba kung'ung'udza m'mitengo. Alimi a njuchi amayang'ana maluwa amenewa ndi chidwi, pakuti uchi wa m'tsogolo umayambira pamenepo.

Ndiye pamabwera muwale. Mtengo wa khungwa lokhakhala ndi minga umenewu umaima wopanda tsamba, nsonga iliyonse itanyamula duwa lofiira. Umaonekera patali m'mbali mwa msewu wa M1 ndi m'malire a minda. Sufuna nazale: ukadula nthambi yaikulu n'kuizika, imaphuka, moti ena amamangira mipanda yamoyo.

Mu Ogasiti, pomwe Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa amasonkhana pa phiri la Hora ku mwambo wa Umthetho, mphepo imakhala itayamba kufewa. Kumapeto kwa mweziwo ndi mu Seputembala nkhalango zachilengedwe, monga ya Perekezi kufupi ndi boma la Mzimba, zimasintha. Mitengo ya tsamba, mombo ndi mchenga imaphuka masamba anthete ofiira, ena ofiirira, ena achikasu, phiri lonse n'kuoneka ngati lavala chitenje chatsopano cha paukwati.

Amenewa si maluwa, ndi masamba. Mitengoyi ili ndi mizu yozama yomwe imafika pa chinyezi cha pansi, ndipo kutentha kukangoyamba imaphukira. Utoto wofiirawo umateteza tsamba lanthete ku dzuwa lamphamvu, ndipo pakatha masabata ochepa limasanduka lobiriwira. Pambuyo pake mlombwa umatulutsa maluwa ake achikasu onunkhira, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala jacaranda amachita maluwa m'matauni, mtengo womwewo umene a ku Joni amauona m'misewu ya Pretoria ndi Johannesburg.

Alendo omwe amafikira pa Luwawa Forest Lodge kudzayenda m'nkhalango, kupalasa njinga ndi kuona mbalame amalipira ndalama kuti aone zimenezi. Mwana wa m'mudzi amazipeza panjira ya kusukulu.

Moto ndi khasu

Tsoka lake n'lakuti mwezi womwe tchire limadzuka ndi womwenso moto umayamba.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, utsi sutha pa Viphya. Wina wayatsa posaka nyama, wina pofuna msipu wa ng'ombe, wina pokonza munda, wina chifukwa cha mkwiyo wa pantchito. Mphepo ikathandizira, moto wa munthu mmodzi umadya mahekitala ambirimbiri. Nkhalango ya Chikangawa yatha mbali yaikulu chifukwa cha moto ndi kudula kosabwezeretsa.

Udzu wa m'mapiri umadziwana ndi moto. Pali zomera za zitsinde ndi anyezi wa pansi zomwe zimachita maluwa pa lupsa, masabata ochepa moto utadutsa. Koma moto wa kumayambiriro kwa chilimwe, udzu ukadali ndi chinyezi, ndi wosiyana ndi wa mu Okutobala. Woyambawo umangonyambita pamwamba. Wachiwiriwo umapha timitengo tating'ono, umawaula masamba anthete, umapsereza ming'oma ya njuchi. Ukabwerezedwa chaka ndi chaka, nkhalango imasanduka udzu wokhawokha.

Nkhwangwa ya owotcha makala nayo imasankha mitengo yomweyi, tsamba ndi mombo, chifukwa makala ake ndi olimba. Thumba lililonse loimikidwa m'mbali mwa msewu ndi mtengo womwe sudzafiiranso mu Seputembala.

Palinso khasu. Dziko la Malawi lili ndi mitundu yoposa 400 ya maluwa a orchid, ndipo ku Nyika kokha kuli pafupifupi 200. Madambo ndi zitunda za Viphya nazo zili nawo ambiri. A pansi amachita maluwa m'dzinja, koma mvula ikatha anthu amakumba timbatata take popanga chinaka, chomwe ku Zambia amati chikanda. Kale chinali chakudya cha pakhomo. Lero ndi malonda odutsa malire, ndipo wokumba akachotsa zonse, pamalopo sipameranso kanthu. Dziko la Tanzania linakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa a mtundu umenewu.

Okonda maluwa nawo ali ndi mbali yawo. Orchid womera pamtengo akakanganulidwa kuti akakongoletse khonde la m'tauni, kawirikawiri amakafa, ndipo malonda a maluwawa kunja kwa dziko amayendetsedwa ndi pangano la CITES. Cha kutchire chisiyidwe kutchire. Cha pakhomo chichuluke ndi tinthambi.

Nayenso wobzala asamale zomwe akulowetsa m'mudzi. Lantana anabwera m'maiko a kuno monga duwa lokongoletsa, lero walanda msipu ndipo amadwalitsa ng'ombe zikamudya.

Ntchito ili m'manja mwathu

Zofunika kuchita si zodula.

Sukulu iliyonse ya m'dera la Luwawa, Champhira ndi Embangweni ikhoza kukhala ndi mzere wa zitini pazenera la kalasi, mwana aliyense ndi chake. Mwana amene wadikira kanthambi mpaka kugwira sangayatse tchire mwachibwana. M'mera mpoyamba.

Amayi a Umanyano ndi a magulu ena a mipingo, omwe amakongoletsa kuguwa Lamlungu lililonse, akhoza kuchepetsa maluwa a pulasitiki polima awoawo kuseri kwa tchalitchi, ena n'kumakasiya kwa odwala ndi okalamba omwe amawayendera. Zipatala zikhoza kubzala pichesi ndi muwale pomwe wodwala wa pabedi angawaone. Achinyamata omwe akuganiza za basi ya ku Joni adziwe kuti mbande za maluwa zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya Mzuzu ndi Lilongwe, ndipo nyengo ya Viphya imalola maluwa omwe kumalo otentha amakana.

Nzeru za akatswiri zilipo pafupi. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987, lili ndi minda yake ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Alangizi a zankhalango ali m'maderamu. Nyengo yobzala mitengo ya dziko lonse imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo mbande zodzabzala nthawi imeneyo zimafesedwa chisanu chikamatha. M'machubu a mbandezo musakhale paini ndi bulugamu yekha. Mulowenso muwale, mlombwa, msuku ndi pichesi.

Mafumu ndi madoda ali ndi mawu omwe mudzi umamvera. Akhoza kukhazikitsa tsiku lolambula njira zotchinga moto, n'kupereka chindapusa kwa woyatsa tchire mu Seputembala ndi Okutobala, monga amachitira ndi ng'ombe zolowa m'munda wa mwini.

Chisanu chidzabweranso chaka chamawa, pakuti Viphya sangasunthe ndipo mwera sudzaleka kuomba. Chomwe tingasankhe ndi chimene chidzakhale pakhomo ndi paphiri chikamadzabwera. Amene ali ndi chomera athyolereko mnzake sabata ino, makamaka agogo okhala okha m'nyumba yaikulu. Amene ali ndi machesi m'thumba akamadutsa m'tchire la Perekezi kapena m'mapaini a Luwawa, awasiye m'thumba momwemo.